Momwe mungasewerere Saboteur wa 1985 pa laputopu yanu, kuchokera pa kaseti mpaka pa helikoputa

Chiikireni kavidiyo ka ninja wakuda uja akutsika m'bwato usiku, sabata siitha osalandira funso lomwelomwelo: "Akulu, gemu imeneyi ndi yanji, ndipo ndingaipeze kuti?" Ena akaipeza amabweranso kudzadandaula kuti yangoima pa sikirini yoyera mbee, palibe chikuchitika. Ena ikawatsekukira amafa mphindi ziwiri zisanathe n'kuyamba kunena kuti ndi yachabechabe. Zala zatopa kuyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp, ndiye ndalemba kamodzi pano. Wofunsanso ndizingomulozera kuno.

Dzina lake ndi Saboteur. Anailemba ndi Clive Townsend, ndipo inatuluka mu 1985 kudzera ku kampani ya Durell Software ya ku Taunton, ku England. Inayambira pa ZX Spectrum, kakompyuta ka mabatani a labala kamene kampani ya Sinclair inatulutsa mu 1982, kenaka inafika pa Amstrad CPC ndi Commodore 64. Ine ndikamba za ya Spectrum, poti ndiyo mayi wa zinazo.

Nkhani yake ndi yachidule. Ndinu ninja waganyu. Mwafika pa bwato la labala kuseri kwa nyumba yaikulu yooneka ngati yosungiramo katundu, koma pansi pake pali likulu la achitetezo. Kumeneko kuli disiki yokhala ndi mayina a atsogoleri a zigawenga. Muitenge nthawi isanathe, mukwere kudenga, muthawe pa helikoputa. Amene tinakulira m'mavidiyo sho, tikuonera aninja akulumpha mipanda, sitifunika kutilongosolera zambiri pamenepa.

1. Ikani emulator

Spectrum weniweni simumupeza pa msika, choncho mufunika pulogalamu yonamizira kompyuta yanu kuti ndi Spectrum. Pulogalamu yotere imatchedwa emulator. Ine ndimagwiritsa ntchito Fuse: ndi yaulere, ndi yopepuka, ndipo ilipo ya Windows, Linux ndi Mac. Laputopu iliyonse yoyaka ikwanitsa, ngakhale ija yotenga chaka kuti itsekule Facebook, chifukwa Spectrum ankayenda pa 3.5 MHz basi. ROM ya Spectrum, kapulogalamu ka m'kati kamene kamayendetsa makinawo, imabwerera limodzi ndi Fuse wa Windows, ndiye musavutike kuisaka kwina.

Pa foni ya Android aliponso ma emulator, koma kusewera gemu iyi ndi zala pagalasi kuli ngati kudya therere ndi foloko. Yambani ndi kiyibodi yeniyeni.

2. Pezani fayilo yoyenera

Magemu a Spectrum ankagulitsidwa pa kaseti, kaseti yomweija tinkabweza ndi bolopeni posunga mabatire a wailesi. Anthu okonda zakale anasandutsa makasetiwo kukhala mafayilo, ndipo amasungidwa pa masamba monga Spectrum Computing ndi World of Spectrum. Mukalemba dzina, onetsetsani kuti mwasankha ya Durell ya 1985, chifukwa palinso Saboteur II ya 1987 komanso gemu ina ya masiku ano ya dzina lofanana yomwe ilibe ubale uliwonse ndi iyi.

Mafayilo ake ali mitundu iwiri. Othera ndi .tap kapena .tzx ndi kaseti: muyenera "kuiliza" kuti gemu ilowe m'kompyuta. Othera ndi .z80, .sna kapena .szx ndi chithunzi cha zonse zimene zinali m'mutu mwa Spectrum pa nthawi ina yake, ndipo amatsekuka pompopompo. Ine ndimati tengani .tzx, mudutse njira yonse.

Chenjezo limodzi lalikulu. Spectrum amene gemuyi inalemberedwa anali ndi malo a 48K okha, ndiye fayilo ya gemuyi ndi yaing'ono kuposa chithunzi chimodzi cha pa WhatsApp. Bandulo yanu siimva n'komwe. Mukaona tsamba likukupatsani chinthu cha ma megabyte ambirimbiri, kapena chothera ndi .exe, thawani. Imeneyo si gemu ya Spectrum. Ikabwera mu .zip, yambani mwaimasula.

3. Sankhani makina a 48K

Fuse amatha kunamizira ma Spectrum osiyanasiyana. Pitani pa Machine, kenaka Select, musankhe Spectrum 48K, poti ndiwo makina amene Townsend ankalembera. Zikayenda bwino muona sikirini yoyera ndi kamzere pansi kakuti © 1982 Sinclair Research Ltd. Sikuti yafa ayi. Umu ndi momwe Spectrum amaperekera moni.

4. Lizani kaseti

Apa ndi pamene ambiri amagwera, ndipo malangizo ambiri amangodumphapo ngati n'zodziwikiratu.

Njira yachidule ndi iyi: dinani F3, kapena File kenaka Open, musankhe fayilo yanu. Fuse amalemba yekha lamulo lolizira kaseti ndipo m'masekondi ochepa gemu yafika. Ngati zatero, pitani pa nambala 5.

Koma mukalowetsa kaseti kudzera pa Media, kapena ngati wina anasintha zosankha za Fuse, Spectrum amangokhala chete kudikira kuti mumuuze chochita. Lamulo lake ndi LOAD "" ndipo silitaipidwa chilembo chimodzichimodzi. Spectrum wa 48K anapangidwa mwakuti batani limodzi limatulutsa liwu lathunthu. Mukadina L, sakupatsani L, akupatsani LET. Mukapitiriza ndi O, A, D, mupeza mwalemba LET oad, ndipo mukadina Enter angokuikirani chizindikiro chofunsa chophethiraphethira. Pafupifupi aliyense amene anandilembera kuti "yakana" anali atakodwa pomwepa.

Chitani chonchi. Ngati mwalemba kale zina, zifufuteni ndi Backspace mpaka mzere ukhale wopanda kanthu, patsale K wophethira yekha. K ameneyo akutanthauza kuti makina akudikira liwu la lamulo. Dinani J kamodzi. Liwu lakuti LOAD lituluka lokha. Tsopano pakufunika timakodo tiwiri tija. Pa Spectrum timakhala pa batani la P, ndipo timatuluka mukalidina limodzi ndi batani lotchedwa Symbol Shift. Kiyibodi yanu ilibe batani la dzina limenelo, choncho Fuse analiika pa Ctrl. Gwirani Ctrl, dinani P kawiri, osaika mpata pakati, kenaka Enter. Timakodo topanda kanthu mkati timauza makina kuti alandire pulogalamu iliyonse yoyamba kupezeka pa kasetiyo. Kaseti ikapanda kuyamba yokha, F8 ndiye batani loiliza.

Mudziwa kuti zikuyenda poyang'ana m'mphepete mwa sikirini. Poyamba pamabwera mizere yofiira ndi yobiriwira motuwa, kusonyeza kuti makina amva kulira kotsogolera. Kenaka mizere ing'onoing'ono yabuluu ndi yachikasu, ndiye kuti gemu ikulowa. Phokoso lake ndi lolasa m'makutu, tsitsirenitu voliyumu ngati m'nyumba muli ogona.

Fuse amathamangitsa zonsezi kuti musadikire. Komabe tsiku lina zimitsani chosankha cha Fastloading, muone zimene ana a ku Britain ankapirira mu 1985: mphindi ngati zisanu akuyang'ana mizere, chithunzi chikudzijambula pang'onopang'ono, mtima uli m'mwamba kuopa uthenga wakuti R Tape loading error, umene unkatanthauza kubweza kaseti n'kuyambiranso. Ine ndinayesa kamodzi, ndinakhutira, sindinabwerezenso.

5. Konzani mabatani musanayambe

Pa menyu ya gemuyi pali zosankha za joystick, monga Kempston ndi Protek. Amenewa ndi mayina a tizipangizo timene ankalumikiza kumbuyo kwa Spectrum. Mukasankha Kempston musanamuyatse mu Fuse, ninja wanu angoima ngati chitsa, alonda n'kumamusasantha. Zisiyeni kaye. Sankhani zosintha mabatani, muike anuanu.

Mabatani ndi asanu okha: kumwamba, pansi, kumanzere, kumanja ndi lomenyera. Osewera a Spectrum anazolowera Q kumwamba, A pansi, O kumanzere, P kumanja, ndi Space kapena M pomenya. Poyamba zimaoneka zachilendo, koma dzanja lamanzere likagwira zokwera ndi kutsika, lamanja zoyenda, zala sizipingana.

Musaike mabatani a mivi aja. Spectrum wa 48K analibe mivi payokha. Fuse amaimasulira ngati Caps Shift, amene ndi Shift wa Spectrum, pamodzi ndi 5, 6, 7 kapena 8, ndiye gemu imaona mabatani awiri pamene inu mwadina limodzi. Chinanso, makiyibodi ena a laputopu sawerenga mabatani atatu odinidwa nthawi imodzi. Mukaona kuti kulumpha kukukanika nthawi zina, vuto si inu, sinthani mabatani muyese ena.

Gemu idzakufunsani mulingo, kuyambira 1 mpaka 9. Dinani 1. Kudzitama kuno kulibe malipiro.

6. Werengani za pansi pa sikirini

Maso a watsopano amangothamangira pa ninja, koma gemu yonse yagona m'kachigawo ka pansi. Kumanzere kuli bokosi lolembedwa HELD, kusonyeza chimene mwanyamula. Mumayamba ndi shuriken, kanyenyezi kachitsulo koponya kaja. Kumanja kuli bokosi la NEAR, losonyeza chimene chili pamene mwaimapo. Zinthu zambiri sizioneka bwino pansi, mumazidziwa pokhapokha bokosili likasintha, ndiye podutsa pa milu ya katundu diso limodzi lizikhala pamenepo. Pakati pali ndalama zimene mwapeza, nthawi imene ikutsika, ndi mzere wa mphamvu.

Moyo ndi umodzi. Mzere ukatha, basi, mubwerera kubwato. Umachepa akakumenyani, galu akakulumani, mukagwa kuchokera patali, ngakhalenso mukanyonyomala m'madzi mpaka mutu kumira. Koma nachi chinsinsi chimene ofa msanga aja sachidziwa: mukaima phee pamalo opanda mdani, mphamvu zimabwerera zokha. Palibe mankhwala otola, palibe chakudya. Kungoima. Vuto ndi lakuti mukuima choncho nthawi ikupita. Gemu yonseyi ndi malonda a zinthu ziwirizi, kugula mphamvu ndi nthawi kapena kugula nthawi ndi mphamvu.

7. Phunzirani theche, osadalira zoponya

Mukaima n'kudina kumwamba, ninja amamenya theche. Mukamayenda n'kudina kumwamba, amalumpha. Pamakwerero batani lomwelo ndi lokwerera. Pansi ndi kunyonyomala kapena kutsika. Lomenyera limaponya chimene mwanyamula, ndipo manja akakhala opanda kanthu limaponya chibakera, koma mu NEAR mukakhala chinthu limachitola. Mukalidina pamodzi ndi kumwamba kapena pansi, chida chimapita chopendekera.

Cholakwa chofala ndi kufuna theche mukadali kuyenda. Mumangolumpha n'kukatera m'manja mwa mlonda. Siyani kaye batani loyendera, kenaka theche.

Zida zoponya zilipo zambiri: mipeni, njerwa, miyala, zidutswa za paipi. Chilichonse chimaponyedwa kamodzi. Mlonda wophedwa ndi chida amakupatsani $100, koma wogwetsedwa ndi theche kapena chibakera ndi $500. Galu salipira kanthu. Townsend ankadziwa chimene akuchita pamenepa. Agalu ingowalumphani, musataye chida. Alonda amaima malo amodzi mpaka atakuonani kapena kukumvani, choncho amene wakufulatirani musamuthamangire. Kudenga kwa zipinda zina kulinso mfuti zowombera zokha. Zimenezo sizimenyeka, dutsani msanga, ndipo chipinda chotere si chopumiramo.

Pali chinthu china choti muzolowere. Sikirini siyenda nanu pang'onopang'ono ngati m'magemu a ninja a pambuyo pake, monga Shinobi amene anafika pa Spectrum mu 1989. Mukafika kumapeto, chipinda chonse chimasintha kamodzi n'kamodzi, ndipo zipindazo zilipo 118. Ndiye kuti chipinda chatsopano mumalowa osaona chimene chikukudikirani. Lamulo langa ndi lakuti mphamvu zikatsika kupitirira theka, sindidutsa malire. Ndimapuma kaye m'chipinda chimene ndachiyeretsa kale.

Mukaona mitundu ikudetsana, kapena ninja ali wakuda bii wopanda utoto wina, si vuto la fayilo. Spectrum amalola mitundu iwiri yokha m'kabokosi kalikonse ka timadontho 8 m'litali ndi 8 m'lifupi. Ninja wakuda anali njira yochenjera yozembera vutoli, ndipo n'chifukwa chake gemuyi ikuonekabe bwino mpaka lero.

8. Jambulani mapu

Tengani pepala la m'kope la masamu, kabokosi kamodzi chipinda chimodzi. Maulendo atatu kapena anayi oyamba musawerengere zopambana, ndi okaona njira.

Njira yake mwachidule: kuchoka m'bwato, kukwera padoko, kudutsa m'nyumba yosungira katundu, kutsikira ku ngalande za pansi, kenaka kukwera tisitima tiwiri timene timakufikitsani ku chipinda cha makompyuta kumene kuli disiki. Zitseko zina zimakhala zotseka, makamaka pa milingo yapamwamba, ndipo zimatsekulidwa pa timakompyuta ta patebulo timene mumatipeza m'njira. Mukaima pafupi timaoneka mu NEAR, n'kudina lomenyera. Lembani pa mapu kakompyuta kalikonse ndi chitseko chimene kasintha. Musamangodina kalikonse kamene mwakaona, kenaka n'kudabwa kuti njira yatsekeka.

Poti magetsi athu sachenjeza akamapita, F2 imasunga gemu pamene mwafika, ndipo F3 imaibwezeretsa. Ena amati kumeneko ndi kubera. Pophunzira njira ine sindiona cholakwa. Koma tsiku lodzauza anthu kuti mwaimaliza, muimalize osasunga.

9. Bomba liyambe, disiki pambuyo

Apa ndi pamene pamasiyana wothawa chabe ndi wogwira ntchito yonse. Mungathe kutenga disiki n'kuthawa, gemu ivomera. Mungathenso kuthawa chimanjamanja, ikupatsani kangachepe. Koma ndalama zenizeni zili pa kusiya bomba pamalo pamene panali disiki.

Kumbukirani kuti bokosi la HELD ndi limodzi. Ninja uyu sanyamula zinthu ziwiri. Mukatola chinthu, chimene munali nacho chimatsala pamenepo. Ndiye taganizani. Mukathamangira disiki poyamba, n'kupita nayo kukasaka bomba, potola bombalo disiki itsala kumeneko. Mubwere ndi bomba ku chipinda cha makompyuta, mubwererenso kukatenga disiki, ulendo wowirikiza pakati pa agalu omwe aja. Ndondomeko yoyenera ndi yotembenuza: pezani bomba poyamba, linyamuleni mpaka pa disiki, muime mpaka disikiyo ioneke mu NEAR, mudine lomenyera kamodzi. Disiki ilowa m'manja, bomba litsala pamalo pake. Kamodzi kokha, ndanena. Chala chikanjenjemera n'kudina kawiri, yang'anani HELD musanachoke, muone chimene mwanyamula.

Tanthauzo lake ndi lakuti kuchokera pamene mwatola bomba mpaka pa helikoputa, mulibenso chida choponya. Theka lonse la ulendo ndi miyendo yokha. N'chifukwa chake ndinalimbikira za theche pa nambala 7. Amene anazolowera kubisala kuseri kwa njerwa ndi mipeni amafika apa n'kusowa pogwira.

Msampha wina ndi uwu, ndipo unandigwira ine ndemwe. Ndili ndi disiki m'manja, mlonda anandibwerera pafupi ndi mulu wa katundu, ine mwamantha n'kudina lomenyera. Mu NEAR munali njerwa. Ndinamugwetsa mlondayo, n'kukwera mpaka kudenga ndikuimba mluzu, osadziwa kuti disiki ndaisiya pansi. Chichokereni tsiku limenelo, ndikanyamula bomba kapena disiki chala chimachoka pa batani lomenyera, chimabwerera pokhapokha ndikafuna kutsekula chitseko.

Bomba likatcheredwa, nthawi yothawira imayamba kuwerengedwa. Choncho kupuma konse kuchitike musanasinthanitse. Imani pamalo abata pafupi, mphamvu zidzaze ngati nthawi ikulola, muyang'ane mapu anu, njira yobwerera muiloweze pamtima, kenaka sinthanitsani. Pobwerera si nthawi yosaka $500 kwa mlonda aliyense. Amene sakutsekerezani njira musiyeni.

10. Denga

Helikoputa ili pamwamba pa nyumba yosungira katundu ija, ndipo kuti mukafike muyenera kukwera nsanamira ndi kulumpha pakati pa timilatho tachitsulo ta m'chipinda chapamwamba. Pano mdani wamkulu ndi phuma lanu. Mukaphonya mumagwa, mphamvu zimachepa, ndipo muyambiranso kukwera bomba likuwerenga.

Kulumpha kwa ninjayu kuli ndi mtunda wake umodzi, ndipo akanyamuka simungamubweze m'malere. Chofunika ndi pamene mwanyamukira. Ambiri amadina msanga poopa kugwa, n'kuperewera pang'ono. Pa maulendo okaona njira aja, patulani umodzi wongopita kudenga osatenga kanthu, muzilumpha mpaka mapazi adziwe m'mphepete mwa kamlatho kalikonse. Kuphunzira malowa muli ndi disiki m'manja n'kochedwa.

Mukamaliza mulingo 1, mapu anu musataye, nyumbayo ndi yomweyo mpaka 9. Chimasintha ndi kuopsa kwa alonda, zitseko zotseka ndi kumene bomba labisidwa, ndiye muzingowonjezera ndi pensulo. Amene afuna nkhani yopitirira pa helikoputa, Townsend yemweyo anaikonzanso gemuyi n'kuiwonjezera zigawo, ndipo inatuluka pa Nintendo Switch mu 2018, ilinso pa Steam, msika wa magemu wa pa intaneti. Za Saboteur II, mmene mumasewera ngati Nina, mlongo wake wa ninjayu, ndipo zipinda zake ndi pafupifupi 700, musandifunse kaye. Mapu anga a imeneyo afika pa tsamba lachinayi la kope ndipo sanathe.